Tsiku limene ndinavina ndi ndalama za dalaivala

Paukwati wa mwana wako wamwamuna, iwe bambo ulibe ntchito yooneka. Zokambirana zonse n'za ankhoswe. Pachinkhoswe paja amene anapereka tambala n'kulandira msoti kuchokera kuchikazi anali alamu anga, amalume ake a mnyamatayo. Ine ndinangokhala pampando kumamwa thobwa ngati woitanidwa. Choncho ukwati utayandikira ndinadziuza kuti mpata wanga ndi umodzi basi: perekaniperekani, a MC akadzaitana makolo a mwamuna. Pamenepo Area 25 yonse idzadziwa kuti mwanayu ali ndi bambo ake.

Kufupa kuli ndi nzeru zake. Suponya ndalama yaikulu kamodzi n'kukakhala pansi, ayi. Umasinthiratu zikhale zing'onozing'ono kuti nyimbo ithe iwe ukuponyabe. Lachisanu ndinasinthitsa K6,000 kwa mnyamata wogulitsa mayunitsi, anandipatsa ma K100 okwana 60, a Sangala okhaokha. Mayi a kunyumba anazimanga ndi mphira. Panalinso mpukutu wina, K120,000 ya dalaivala wa minibasi amene anakatenga abale ku Mitundu, yoti ndimupatse madzulo asanawabweze. Ma K2,000, nawonso 60, nawonso pamphira.

M'mawa wa Loweruka mayiwo anaima patsogolo panga, kundikonza tayi, kenaka n'kulowetsa mipukutu ija m'matumba a jekete.

"Zovinira kumanja, za dalaivala kumanzere. Mwamva, bambo?"

Ndinati ndamva. Chimene sitinagwirizane n'chakuti kumanja kwa ndani, poti iwo anali atandiyang'ana.

Kutchalitchi zinayenda bwino. Kuholo kunali kutentha kwa Okutobala, thukuta lili kamukamu, magalasi akungotsetsereka pamphuno mpaka ndinawavula n'kuwasiya patebulo. Akuchikazi anayamba ndiwo. Asewere anga, bambo aulemu wawo, anaponyaponya pang'ono n'kubwerera kumpando nyimbo isanafike pakati. Ndinaseka chamumtima.

"Makolo a mwamuna, tikuoneni! Lichero lili apa!"

Ndinanyamuka. Dzanja m'thumba la kumanja, mphira thyoo, n'kuyamba. Imodzi m'lichero, ina m'mwamba, ina pamapazi a mkwatibwi. Sindinafike pakhumi, holo yonse inasokonekera. Nthungululu zinachita kuboola malata. Amayi ena a kuchikazi anandiyalira chitenje pansi kuti ndipondepo. A MC anakuwa kuti, "Bwezani nyimboyo! Bambo awa si anthu wamba!"

Ine ndinkati ndi mavinidwe. Paunyamata wanga ndinkautha gule, ndipo ndinaona ngati miyendo yakumbukira. Ndinawerama, kugwedeza mapewa, kuzungulira ndi mwendo umodzi, dzanja likungomwaza. Atsikana otola ndalama ankachita kuthamanga, wina mpaka kukwawa pansi pa tebulo la keke, ndipo ndinadabwa pang'ono kuti ana a masiku ano K100 akuilemekeza chotere. Mayi a kunyumba anandikoka jekete kawiri. Ndinawayankha osatembenuka n'komwe: "Ndisiyeni, mayi, lero ndi lero." Kachitatu ananditsina m'nthiti, ine n'kutenga kutsinako ngati chilimbikitso, n'kuponya zisanu nthawi imodzi.

Nditabwerera kumpando, asewere anaimirira n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Mayi a kunyumba sanalankhule kanthu. Anangonditolera magalasi n'kundiveka okha.

Ndisanafunse kuti nkhope yakwiyiranji patsiku lachisangalalo, dalaivala anatulukira kumbuyo kwanga, makiyi ali m'manja, akuti mdima usanagwe akhale atadutsa ku Bunda. Ndinapisa kumanzere mwaufumu n'kumupatsa mpukutu. Anachotsa mphira, kuyang'ana, kundiyang'ana ine.

"Bwana, izi n'za mafuta kapena za madzi akumwa?"

A Sangala 60 anali phee m'manja mwake. A Chilembwe onse anali atapita m'lichero.

Ndinanyamuka mwakachetechete kulowera kutebulo la owerenga ndalama, ndikukonza mawu m'mutu. Ndisanafike, a MC anagwira maikolofoni: "Tamverani kuno! Bambo a mkwati paokha, K120,000!" Nthungululu zinayambiranso. Ndiye munthu ungapite pamenepo kukati pepani, ndinalakwitsa thumba? Ndinangokweza dzanja kuwabayibitsa anthu, n'kukhota ngati ndimapita kuchimbudzi.

Chiyembekezo chinatsala pa mwana wanga. Ndinati akabwera kudzapereka keke kwa makolo ndimunong'oneza. Anabweradi awiriwo, n'kugwada. Koma ndisanatsegule pakamwa, mpongozi wanga, misozi ili m'maso, anati, "Bambo, zikomo kwambiri. Sitinkadziwa kuti lendi ya mwezi woyamba tiitenga kuti." Keke ija inandikakamira pakhosi. Ndinangoti, "Musadandaule, ana anga, n'zochepa."

Dalaivala anapita yekha ndi minibasi yake, atanditengera K6,000 ija kuti ndi ya kumutayitsa nthawi, ngongole ya ulendo wam'mawa ili apo. Abale 14 a ku Mitundu anakagona kwathu, nyumba ya zipinda ziwiri. Amati mlendo ndi mame, koma mame amenewa anakhala mpaka Lachitatu, ufa wa mwezi wonse n'kuthera pomwepo. Usiku uliwonse azakhali ankawafotokozera ana mmene ndinavinira, n'kumayeserera pabalaza, mayi a kunyumba ali kukhitchini akumenyetsa mapoto.

Sabata yatha asewere anandiimbira foni. Akuti kumpingo kwawo kuli Paper Sunday yomangira nyumba ya abusa, ndipo komiti yonse yagwirizana, popanda wotsutsa, kuti mlendo wolemekezeka ndikhale ine. Dzina langa alisindikiza kale pamakadi.