Tsiku loonetsa moyo wamakedzana pasukulu: zofunika kukonza ndi zimene zimasokonekera

Sukulu zina zimaitana akuluakulu a m'mudzi kuti adzachite pamaso pa ana ntchito za makolo: kupeka moto, kuumba mbiya, kusula ndi kupanga chiwondo (nsalu ya khungwa la mtengo). Zovala zachikale ndi mbali yaying'ono ya ntchitoyi. Mwana amayamba kufunsa mafunso enieni manja ake akatopa koma utsi osatuluka.

Yambani ndi nyengo. Kupeka moto kumafuna mitengo youma gwa, choncho tsikuli likhale pakati pa Julayi ndi Okutobala. Pamafunika kathabwa ka mtengo wofewa kokhuthala ngati chala, ndi kamtengo kowongoka kotalika theka la mita. Pakathabwapo mumakumba kadzenje pafupi ndi m'mphepete, kenako n'kucheka kampata kolowa mpaka pakati pa kadzenjeko. Fumbi lakuda limaunjikana m'kampatako, ndipo ndi momwe khala limabadwira. Kampata kakasowa, fumbi limamwazika n'kuzizira. Utsi umaoneka koma moto ayi. Ana azipeka awiriawiri, wina azilandira kamtengo kasanaime. Udzu wouma wofikisa ukhale pafupi polandirira khalalo.

Mbiya sizitheka tsiku limodzi, ndiye gulu la akuluakuluwo libwere kawiri. Ulendo woyamba ana akande dothi losakaniza ndi mapale osinja, aumbe, zoumbazo ziume pamthunzi pafupifupi milungu iwiri. Zikaikidwa padzuwa zimang'aluka chifukwa kunja kumauma msanga mkati mukadali monyowa. Zikaotchedwa zisanaume, madzi a m'dothi amasanduka nthunzi n'kuziphulitsa.

Ng'anjo musailonjeze. Kusungunula chitsulo m'miyala kumadya makala ambiri ndi maola ambiri, ndipo ngakhale akatswiri amatha kutulukamo chimanjamanja. Chipala chimakwanira: mvukuto wa chikopa cha mbuzi, makala thumba limodzi ndi kachitsulo kakale kosulira mpeni. Ana azisinthana pa mvukuto, ena akhale kuseri kwa chingwe chifukwa cha nthethe. Za chiwondo, khungwa la mombo lichoke pa nthambi ya mtengo wodulidwa kale, pakuti kusenda thunthu mozungulira kumaumitsa mtengo.

Kalasi ya ana 80 ikazungulira munthu mmodzi, amaphunzira a kutsogolo okha. Agaweni m'magulu a ana 10, gulu lililonse mphindi 25 pamalo amodzi, mphunzitsi ali pomwepo kulumikiza zoonekazo ndi zimene zili m'buku.

Vuto lalikulu, lomwe ambiri saliona n'komwe, ndi kusakaniza nyengo. "Kale" si chaka chimodzi. Sewero la masiku oyambirira a ufumu wa Maravi lisakhale ndi zishango za Angoni, chifukwa gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835. Chimanga nachonso n'chobwera, kwawo ndi ku America. M'mtondo wa nthawi imeneyo muzikhala mapira kapena mawere. Komanso mudzi wa m'sewerolo usaoneke ngati wosadziwa zakunja: pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, ofukula zakale anapeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Wosewera John Chilembwe kumuveka zikopa n'kulakwa. Anali m'busa wophunzira ku America, anabwerera mu 1900, ndipo zithunzi zimamuonetsa ali mu suti. Ana akaona thangata yekha popanda sukulu ndi tchalitchi cha mishoni yake ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe, samvetsa zimene zinachitika pa 23 Januwale 1915, pamene Chilembwe anaukira atsamunda. Mphunzitsi ndi mtsogoleri wa gulu agwirizane chaka ndi malo a sewerolo mlungu umodzi tsikulo lisanafike.

Gule Wamkulu si sewero la mbiri, ndi mwambo wamoyo wokhala ndi eni ake. Ana asapangitsidwe zigoba kuti atsanzire zilombo. Ngati sukulu ikufuna gule, ipemphe kwa amfumu, ndipo iwo ndi amene anene zoyenera kuoneka pabwalo la sukulu. Makolo a mipingo ina salola ana awo kuonera, choncho adziwitsidwe msanga. Sukulu za kufupi ndi Mua zikhoza kungopita ku Chamare Museum ya KuNgoni, komwe zigoba zambirimbiri zaikidwa pamodzi ndi matanthauzo ake.