Mtsibweni kunyumba, nkhoswe ya onse ku bungwe

Pa Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timakumana anthu 7 m'kachipinda kamene mpingo wina wa kuno ku Chipata unatibwereka, ndipo chimene chimatisonkhanitsa ndi nthenda imene anansi athu ambiri sanamvepo ngakhale dzina lake. Madokotala amaitcha himofiliya. Ife tikamafotokozera makolo timangoti ndi nthenda ya magazi osagwirana, chifukwa mwana wobadwa nayo akavulala magazi ake amachedwa kuundana, ndipo amatha kukha kwa maola ambiri, nthawi zina kwa masiku. Pa mapepala amene tinalembetsera kabungwe kathu ku boma timatchedwa matrasti. Palibe mmodzi wa ife amene amalandira malipiro kapena alawansi ya pamsonkhano, ndipo aliyense amabwera ndi njinga yake kapena ndi ndalama ya m'thumba mwake. Ine ndine msungichuma, ndipo chimene chinandilowetsa pa ntchitoyi ndi mwana wa mlongo wanga.

Mnyamatayu atangoyamba kukwawa, mawondo ndi zigongono zake zinkadzaza zipsera zakuda ngati wamenyedwa, mpaka anthu ena anayamba kunong'onezana kuti amake ndi ankhanza. Pambuyo pake bondo lakumanja linayamba kutupa popanda bala looneka, likutentha, mwana akulira usiku wonse. Achibale a kuchimuna anati walodzedwa, napita naye kwa sing'anga amene anamutema mphini pabondopo, ndipo timabala tating'ono timene kwa mwana wina tikanauma dzuwa lisanalowe tinakha magazi mpaka m'mawa mwake. Usiku umenewo sindidzauiwala, chifukwa ndinaugona ndili tsonga, nditapanikiza nsalu pa mwendo wa mwana amene milomo yake inali itayamba kuyera. Dzina la nthendayo tinakalimva ku Lusaka, ku chipatala cha UTH, atamuyeza magazi n'kupeza kuti m'thupi mwake mukusowa chinthu chothandiza magazi kuundana chimene amachitcha factor VIII. Ena chimene chimawasowa ndi factor IX, ndipo mtundu umenewo ndi wosowa koposa.

Kwa ife Achewa, mmene nthendayi imayendera m'banja ndi nkhani yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa imatsata njira yomweyo imene mbumba yathu imatsata. Cholakwikacho chimakhala pa chromosome yotchedwa X, kanthu kakang'ono ka m'thupi kamene mwana amatengera kwa makolo ake. Mwana wamkazi amakhala ndi ma X awiri, kotero kuti imodzi ikakhala ndi vuto inayo imamutchinjiriza, ngakhale kuti akazi ena otere nawonso amataya magazi ambiri posamba kapena pobereka. Mwana wamwamuna ali ndi X imodzi yokha, yochokera kwa mayi wake. Choncho mayi amene ali ndi X yavutoyo, mwana wamwamuna aliyense amene angabereke angathe kukhala ndi nthendayi kapena ayi, mwayi wake uli pakati n'pakati. Bambo wodwala himofiliya sapatsira ana ake aamuna, koma ana ake onse aakazi amatengera X imeneyo. Zimenezi zikafotokozedwa mosasamala, chala chimaloza mayi, ndipo ndaonapo maukwati akugwedezeka chifukwa cha mawu akuti magazi oipa achokera kuchikazi. N'chifukwa chake timafulumira kunenanso mfundo ina yoona, yakuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse odwala nthendayi amabadwira m'banja limene simunamvekepo vutoli, ndiponso kuti palibe tchimo, mdulo kapena ufiti umene umaiyambitsa. Mfumukazi Victoria ya ku Britain inali nayo X yotereyi, ndipo mwana wake Leopold anamwalira mu 1884 atagwa n'kuvulala, ali ndi zaka 30. Amayi akamva kuti ngakhale m'nyumba yachifumu ya ku Ulaya nthendayi inalowamo, ndimaona nkhope zawo zikumasuka pang'ono.

Anthu akandifunsa kuti kodi trasti ndi ndani, ndimawayankha ndi mawu akwathu akuti nkhoswe. Nkhoswe si mwini ukwati ndiponso si mwini chuma, koma zinthu zikavuta ndi amene amafunsidwa, ndipo sangakane kuti sanadziwe. Ifenso timasunga zinthu zimene si zathu. Ndalama zimene mipingo, eni masitolo ndi abale a kunja amapereka ndi za ana odwala, ndipo ngwee iliyonse iyenera kukhala ndi lisiti lake. Ku banki sindingatenge ndalama ndekha popanda wapampando kapena mlembi kusainira. Chimene tagwirizana pamsonkhano chimalembedwa m'buku la maminitsi, ndipo chaka chilichonse timapereka malipoti ku ofesi ya boma yolembetsa mabungwe monga lamulo likufunira. Chinthu china chimene timasunga, chimene kwa ine n'cholemera kuposa ndalama, ndi maina a mabanja. Mtsikana akadziwika pamudzi kuti mlongo wake ali ndi nthendayi, amatha kusowa womufunsira, choncho buku la maina silituluka m'bokosi lokhoma, ndipo ngakhale otithandiza ndi ndalama akapempha zithunzi za ana, sitipereka popanda makolo kuvomera atamvetsa bwino kumene zithunzizo zikupita.

Mankhwala enieni a nthendayi, amene amabayidwa mumtsempha kuti abwezere factor yosowayo, ndi odula kwambiri, ndipo kabungwe konga kathu sikangalote zowagula. Ambiri amene amafika m'maiko ngati lathu ndi a mphatso, kudzera mu World Federation of Hemophilia, bungwe la dziko lonse loona za nthendayi. Ndalama zathu zochepazo zimathera pa zinthu zimene wina angazione ngati zazing'ono, monga thiransipoti, chakudya cha wodikirira wodwala, ndodo zoyendera, ndi timabokosi tozizira tonyamuliramo mankhwala popeza safuna kutentha. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka pa msewu wa Great East ndi makilomita oposa 500, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa ndi mapiri ake, ndipo amene sanakwerepo basi ndi mwana wotupa bondo sangadziwe kutalika kwa ulendowu. Chimene chimavutitsa kwambiri n'chakuti zopereka zimabwera anthu akagulitsa chimanga, mtedza ndi fodya, pamene mavuto ochuluka amatipeza m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili pululu, misewu ya kumidzi yaterera, ana akugwa popita kusukulu.

Munali m'mwezi wotere mmene ndinaphunzira tanthauzo lenileni la ntchito imene ndinavomera. M'thumba la bungwe munatsala ndalama zokwanira ulendo umodzi wokha wa ku Lusaka, koma mapempho anali awiri. Lina linali la mwana wa mlongo wanga, amene bondo lake linali litayamba kuuma chifukwa cha magazi otulukira m'kati mobwerezabwereza, ndipo madokotala anali atamupatsa tsiku lokamuona. Linalo linali la mnyamata wa kudera la Chadiza amene anali asanayezedwepo, koma dzino lake litaguluka magazi anakha masiku angapo, ndipo malume wake anamwalira kalekale ndi vuto lofanana nalo. Malamulo amene tinalemba tokha amati trasti amene nkhani ikukhudza mbale wake anene poyera, atuluke, ndipo asavote. Pamene tinkalemba lamuloli ndinali mmodzi wa amene analilimbikira, koma tsiku limenelo miyendo inandilemera. Ndinaika buku la ndalama patebulo, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango panja. Atandiitananso, mlembi anandiwerengera chigamulo chakuti apite mnyamata wa ku Chadiza, popeza moyo wake unali pachiswe ndipo popanda kuyezedwa sakanalandira mankhwala alionse. Ine ndi amene ndinasaina pepala lotulutsira ndalamazo.

Madzulo ake mlongo wanga sanakweze mawu, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa. Anangoti, "Achimwene, mwana uyu amakutchani atsibweni. Inu ndinu mwinimbumba. Ngati inu mwatuluka panja, adzamuyankhulira ndani?" Sindinamuyankhe msanga, chifukwa mwa mwambo wathu ananena zoona. Mtsibweni ndiye amaimira ana a mlongo wake pa mlandu, pa matenda ndi pa maliro, ndipo akuluakulu sananame pamene anati chibale n'fupa, sichiola. Koma ndinamuuza chimene ndimakhulupirira mpaka lero, kuti tsiku limene amayi a ku Vubwi, ku Lundazi kapena ku Mambwe adzamve kuti ana a matrasti ndi amene amayamba kuthandizidwa, adzaleka kubweretsa ana awo, opereka adzabweza manja, ndipo mwana wake yemwe adzakhala wopanda kothawira. Udindo wa utsibweni sindinautaye. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo mnyamatayo anapita ku Lusaka patapita masabata atatu. Masabata atatuwo anali a ululu weniweni kwa iye, ndipo sindinganene kuti bondolo silinaonongekepo kanthu pa kuchedwako. Mtolo umenewo ndimausenza, ndipo sindiyembekezera kuti wina anditule.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuumirira kuti gulu la matrasti a bungwe lotere lisamakhale la achibale a odwala okhaokha. Ife achibale tili ndi mtima umene wina sangaugule, ndipo ndife amene sititopa, koma chikondi chomwecho chimatiphimba maso pa nthawi yogawa zochepa. Pa anthu 7 aja, atatu alibe wodwala kwawo. Mmodzi ndi namwino wopuma ntchito, wina anagwirapo ntchito yowerengera ndalama, wina ndi mphunzitsi, ndipo pa tsiku lija ndi iwowa amene anafunsa mafunso ozizira mutu amene ife ena sitikanatha kufunsa. Mbali inayo ndi yoonanso, kuti bungwe likadzaza akatswiri okhaokha limayamba kukonda misonkhano ya m'mahotela kuposa ulendo wa kumudzi. World Federation of Hemophilia ija, imene lero ikufika m'maiko ambiri, anaiyambitsa mu 1963 ndi Frank Schnabel wa ku Montreal, munthu amene anali ndi nthendayi m'thupi mwake, ndipo tsiku la 17 Epulo limene dziko lonse limakumbukira himofiliya ndi tsiku limene iye anabadwa. Mawu a wodwala mwiniwake sayenera kusowa patebulo, ndipo n'chifukwa chake tinagwirizana kuti mpando umodzi uzikhala wa munthu wamkulu amene ali ndi nthendayi. Tinagwirizananso kuti munthu akakhala pa udindo zaka zitatu azibwerera kwa mamembala kuti amusankhenso kapena asankhe wina, popeza woyambitsa bungwe akakhalitsa amayamba kuliona ngati dimba lake.

Chimene chimandisowetsa tulo tsopano ndi masamu osavuta. Akatswiri amati pa ana aamuna pafupifupi 5,000 obadwa, mmodzi amakhala ndi himofiliya ya mtundu wofalawo. Kalembera wa 2022 anapeza kuti chigawo chathu cha Kum'mawa chili ndi anthu oposa 2 miliyoni. Ndikawerengera, ndimaona kuti anyamata obadwa ndi nthendayi m'chigawo muno ayenera kukhala m'mahandiredi, pamene maina a m'bokosi lathu sadzaza masamba awiri. Enawo ali kuti? Ena akukwawa m'midzi ndi miyendo yopindika, anthu akuti ndi nyamakazi kapena matsenga. Ena anapita kalekale, pambuyo pa mphini, pa kuzulidwa dzino, pa kugwa mumtengo, kapena pa mdulidwe umene unachitika popanda wina kufunsa ngati m'banjamo muli mbiri yotaya magazi. Enanso amapatsidwa asipirini kapena ibuprofen bondo likamapweteka, mankhwala amene amaonjezera kukha kwa magazi, kapena kubayidwa jakisoni m'mnofu mosasamala n'kutupa thako lonse.

Pa msonkhano wa mwezi wathawu tinavomereza kugwiritsa ntchito gawo la ndalama zathu posindikiza timakhadi m'Chinyanja ndi m'Chingerezi timene mwana aliyense aziyenda nako, tolembapo mtundu wa nthenda yake ndi zimene sayenera kupatsidwa, komanso kulembera makalata mafumu ndi anduna awo kupempha mpata woyankhula pa misonkhano ya m'midzi. Mkanganowo unali wautali, chifukwa ndalama iliyonse yopita ku makhadi ndi ndalama yochoka ku thiransipoti, ndipo ineyo monga msungichuma ndinali wokayika. Amene anatikhotetsa maganizo anali mlongo wanga, amene tsopano amabwera ku misonkhano ya mamembala ndipo anadzipereka kuyendera amayi atsopano. Anaimirira n'kunena kuti akanakhala ndi kapepala kotere usiku wa mphini uja, akanakhala ndi choonetsa apongozi ake. Makhadi oyamba tikawatenga kwa osindikiza Lachisanu likubwerali, ndipo namwino uja apita nawo ku Chadiza pa basi ya m'mamawa.