Mmene ndimalowetsera mwana wotuluka mafinya m'khutu m'kafukufuku kuno ku Chipata

Kafukufuku amene ndikufotokoza ndi wofuna kudziwa tizilombo timene tikuchititsa mafinya osatha m'makutu a ana, ndi mankhwala amene akugwirabe ntchito pa tizilomboto. Mwana amene timamufuna ndi amene nembanemba ya m'khutu inabooka ndipo mafinya akhala akutuluka kopitirira masabata 2, monga mmene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limafotokozera matendawa. Ofufuza ena amati masabata 6. Chimene munalemba m'pulotokolo, ndondomeko yolembedwa ya kafukufuku, ndicho muzitsata, osasintha pakati panjira poona kuti ana akuchedwa kukwana.

Ndisanagwire khutu la mwana aliyense, m'fayilo muyenera kukhala makalata atatu. Yoyamba ndi ya komiti yoona ufulu ndi chitetezo cha anthu olowa m'kafukufuku, monga UNZABREC ya ku yunivesite ya Zambia kapena ERES Converge. Yachiwiri ndi ya National Health Research Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndipo kumeneko mumapita mutanyamula kale chilolezo cha komiti ija. Yachitatu ndi ya akuluakulu a zaumoyo m'chigawo ndi a pachipatala pamene mukagwirire ntchito. Fomu yovomera ya m'Chinyanja nayonso iyenera kudutsa ku komiti, osati kumasulira nokha usiku n'kusindikiza m'mawa. Muziyang'ananso deti limene chilolezo chithere, chifukwa mwana wolembedwa chilolezo chitatha sawerengedwa.

Kenako ndimakhala pansi ndi kholo, ndipo mawu oyamba amakhala awa: "Amayi, mwanayu timuthandiza lero, kaya mwavomera kaya mwakana." Ndimawatulutsira kathonje kotengera mafinya akaone ndi maso awo, n'kuwauza kuti magazi sititenga, popeza mphekesera za magazi zimafika kumudzi msanga kuposa ife. Wosaina ayenera kukhala kholo kapena amene akulera mwanayo, wazaka 18 kapena kuposerapo. Nthawi zambiri amabwera naye ndi mlongo wake wapasukulu kapena aneba, ndiye ndimachiza mwana, za kafukufuku zidikire. Ambuya osatha kulemba amadinda chala, pali mboni imene si ya gulu lathu. Mwana wamkulu woti akhoza kumvetsa ndimamufunsanso yekha, akakana ndimasiya.

Funso la mankhwala lili ndi kafunsidwe kake. Mukati, "Kodi munathiramo mankhwala?" yankho limakhala ayi, poopa kukalipiridwa ndi asisita. Ine ndimati, "Ambuya, pamene linkavuta usiku munathiramo chiyani kuti agone?" Pamenepo zimatuluka: mafuta ophikira, madzi a masamba, ufa wa kapisozi wotsegula pakati, kapena madontho ogula pamsika. Zimenezi n'zofunika chifukwa mankhwala opha tizilombo akakhala m'khutu, kulabu, kumene amameretsa tizilombo ta m'mafinya kuti atidziwe, sikumera kanthu, ndiye mumalemba kuti munalibe tizilombo pamene timangogona. Mwana amene walandira mankhwala otere m'masiku amene pulotokolo inatchula, kaya 7 kaya 14, salowa tsiku limenelo.

Ndisanatenge chida ndimapapasa kuseri kwa khutu. Pakakhala potupa ndi popweteka, kapena kamwa yapindikira mbali imodzi, kapena mutu ukupweteka kwambiri ndipo akusanza, khosi lauma, chizungulire, za mafomu zathera pomwepo. Matenda afika ku fupa kapena akuyandikira ubongo, ndipo mwanayo ndi wogonekedwa lero lomwe.

Mwana amakhala pamiyendo ya amayi ake chammbali, miyendo yake ili pakati pa mawondo awo, dzanja lawo limodzi lagwira mutu wake pachifuwa, linalo lagwira mikono. Ndimayamba ndi khutu labwino, kuti ndisasamutse tizilombo komanso kuti mwana aone kuti sizipweteka. Khutu la mwana wamng'ono ndimalikokera kumbuyo ndi pansi pang'ono, la wamkulu kumbuyo ndi m'mwamba, kuti njira iwongoke. Otoscope, tochi younikira m'khutu, ndimaigwira ngati cholembera, chala chaching'ono chitatsamira patsaya lake, kuti akadzidzimuka dzanja langa liyende naye. Ndimalemba pamene pali bowo ndi kukula kwake. Bowo la m'mwamba kapena la m'mphepete, lokhala ndi tinthu toyera ngati khungu lofunduka ndi fungo lonunkha kwambiri, limandiganizitsa za cholesteatoma, khungu lounjikana mkati mwa khutu limene limadya fupa. Imeneyo madontho saichiza, imafuna opaleshoni, ndipo nthawi zambiri zimatanthauza ulendo wa makilomita oposa 550 wopita ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka.

Tsopano potenga mafinya, pamene ambiri amalakwitsa. Mafinya amene mukuwaona panja, atauma m'mphepete mwa khutu, ndi achabechabe: asakanikirana ndi tizilombo ta pakhungu, fumbi ndi ntchentche. Ndimayamba ndapukuta kunja ndi thonje lonyowetsa ndi saline, madzi amchere a kuchipatala, kenako ndimaumitsa njira ya khutu ndi thonje louma kapena makina oyamwa ngati alipo, mpaka bowo lioneke. Ndikatero ndimalowetsa kathonje kakang'ono ka waya kudzera mu speculum yoyera, kafanulo kolowetsa m'khutu, osakhudza m'mbali, n'kukatola mafinya atsopano pafupi ndi bowo. Kathonje kakakulu ka pakhosi sikadutsa m'khutu la mwana popanda kukwecha khoma. Kakakhudza khungu potuluka ndimakataya n'kutenga kena, ngakhale mwana akulira ndipo pamzere pali anthu. Ndimatenga tiwiri, kena kopaka pagalasi loonera tizilombo pa maikulosikopu (Gram), kena komeretsa. Makutu onse awiri akakhala akutuluka, lililonse limakhala ndi take, chifukwa tizilombo ta kumanzere sitikhala tofanana nthawi zonse ndi ta kumanja. Pachubu pamalembedwa nambala ya kafukufuku, osati dzina, komanso mbali ya khutu, deti ndi nthawi.

Kathonje komeretsa kamalowa nthawi yomweyo mu chubu cha Amies, chosungira tizilombo tamoyo paulendo wa kulabu. Ndimayesetsa kuti kafike kulabu pasanathe maola 2, ndipo kasapitirire maola 24. Kutentha kwa Okutobala sikuseweretsa: chubu chosiyidwa pazenera kapena kutsogolo m'galimoto chimapha tizilombo tosalimba, tolimba monga Proteus n'kuchulukana mpaka kuphimba tinzake. N'chifukwa chake Lachisanu masana sindilemba mwana watsopano ndisanafunse ngati kulabu kuli womeretsa tsiku lomwelo.

Kulabu amapaka mafinyawo pa mbale zomeretsera tizilombo za blood agar, chocolate agar ndi MacConkey, n'kuika mu incubator, bokosi lofunditsa, pa madigiri 35 mpaka 37. Amayang'ana pakapita maola 18 mpaka 24, ndiponso pa maola 48. Mbale ya Sabouraud ndi ya nkhungu monga Aspergillus ndi Candida, ndipo imafuna masiku ambiri. Timene timakonda kupezeka ndi Pseudomonas aeruginosa, imene imabiriwiritsa mbale, Staphylococcus aureus ndi Proteus. Zotsatira zikamabwera ndi tizilombo ta pakhungu tokhatokha, sindiloza chala kulabu, ndimayang'ana katengedwe kanga. Poyesa mankhwala amagwiritsa ntchito mbale ya Mueller-Hinton, timapepala ta mankhwala toika pamwamba pake, ndi madzi a tizilombo okhuthala pa mlingo wotchedwa 0.5 McFarland. Madziwo akakhuthala kwambiri kapena timapepala ta mankhwala tikatha mphamvu, tizilombo timaoneka ngati tosamva mankhwala pamene tikumva. Magetsi akazima usiku, buku la kutentha kwa incubator liyenera kuonetsa, ndipo mbale za usiku umenewo ndimaziika chizindikiro. Chinanso chimene anthu amaiwala polemba lipoti n'chakuti malire a "osamva mankhwala" anawakonza poganizira mankhwala a m'magazi. Dontho la m'khutu limakhala lamphamvu kwambiri kuposa pamenepo, choncho likhoza kuumitsa khutu limene pepala la kulabu likuti silingatheke.

Kumva ndimayesa khutu litauma, apo ayi mukuyesa mafinya. Pamene palibe chipinda chotsekereza phokoso, ndimasankha cha kutali ndi jenereta, m'mawa kwambiri. Audiometer, makina oyesera kumva, ndimaiyendetsa pa kulira kwa 500, 1000, 2000 ndi 4000 Hz, kudzera m'khutu ndi kudzera pafupa. WHO imati wakumva bwino ndi amene avareji yake ili pansi pa 20 dB, muyeso wa kukweza kwa phokoso. Mwana wazaka 4 sakweza dzanja modalirika, ndiye ndimamupatsa tizitsekerero ta mabotolo aziponya m'chitini akamva kulira. Asaone zala zanga pabatani, ana ndi ochenjera.

Asananyamuke ndimaphunzitsa amayi kupota tishu kukhala kachingwe kosongoka, kukalowetsa m'khutu, kukatulutsa kakanyowa n'kuikamo kena mpaka katuluke kouma, katatu pa tsiku. Nthenga ya nkhuku ndi kamtengo ka machesi ayi. Khutu likauma ndiye madontho a ciprofloxacin, katatu pa tsiku kwa masiku 14. Botolo alifumbate kaye m'dzanja litenthe, chifukwa madontho ozizira amachititsa chizungulire. Mwana agone chammbali mphindi 5, iwo akudinikiza kanyama ka kutsogolo kwa khutu kuti mankhwala alowe pabowo. Madontho othira pamwamba pa mafinya amangoyandama n'kutuluka. A gentamicin pa nembanemba yobooka akhoza kuwononga kumva, ndiye ndimawauza asiye. Posamba atseke ndi thonje lopaka Vaseline, ndipo kudamu asakasambire.

Chovuta chomaliza n'kuwaonanso pa tsiku la 14. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala anthu ali kumunda, ndipo khutu likangosiya kununkha amaona kuti ulendo wa kuchipatala ndi wongotaya tsiku. Ndimalemba manambala awiri a foni, dzina la mudzi ndi la amfumu, ndipo amene amakhala chakumalire ku Mwami ndimawafunsa ngati nambalayo ndi ya kuno kapena ya ku Malawi. Ndalama ya thiransipoti ndi imene komiti inavomereza, yofanana kwa aliyense. Khutu ndimalilemba kuti lauma pokhapokha nditaliona ndekha ndi otoscope, osati chifukwa amayi anena pafoni kuti ali bwino. Amene sanabwere ndimamuimbira katatu pa masiku osiyana, zikakanika amalowa m'gulu la osapezekanso, osati la ochira.