Akuti ndilembe kuti agogo anali ofatsa

Azakhali andiimbira foni madzulo ano ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Mwezi wamawa banja likumana kukumbukira agogo, ndiye popeza ine ndi amene amati ndimadziwa kulemba, andipatsa ntchito yokonza tsamba limodzi loti lidzawerengedwe. Ndavomera msanga. Zavuta pamene ayamba kundiuza zoti ndiikemo.

"Ulembe kuti amayi anali munthu wopemphera, wofatsa, wosadziwa kukangana ndi munthu."

Ndati, "Azakhali, zopempherazo inde. Koma kufatsa? Agogo omwe aja?"

Akhala kaye chete. Kenako akuti, "Iwe, munthu akapita sitimukumba zoipa."

Apa m'pamene zandipweteka, chifukwa ine sindimanena zoipa ayi. Agogo sanali ofatsa ndipo akanamva wina akuwatchula choncho akanamufunsa ngati ali bwinobwino. Usiku akagwada pambali pa bedi ankapemphera mokweza dala kuti wolakwa amve. Ndikukumbuka tsiku lina msuweni wanga atawanamiza, iwo anayamba bwinobwino kuthokoza chifukwa cha moyo, kenako n'kukhota: "Ambuye, mwana wagona apayu wandinamiza lero, Inu mwaona. Mumukhululukire, koma adziwe kuti ine sindinaiwale." Mwana wa eni ake anadzifunditsa bulangeti mpaka kumutu, ife ena tikudziluma milomo kuti tisaseke. Kutacha anakapepesa yekha, osatumidwa.

Azakhali akufuna pamwamba pa tsambalo pakhale Miyambo 31, za mkazi wangwiro. Ndawauza kuti ndilibe nazo vuto, bola tiwerenge mutu wonsewo. Mkazi ameneyo amadzuka kusanache, amagawira antchito ake zochita, amayang'ana munda n'kuugula, amasoka zovala n'kugulitsa. Si munthu wokhala pakona manja ali pamiyendo. Iwo akuti ndayamba kulalikira. Mwina n'zoona.

Kaya n'kutopa kaya n'chiyani, koma masiku ano kanthu kakang'ono kakundikwiyitsa. Foni itaduka ndakhala pampando osayatsa magetsi, ndikukangana ndi azakhali m'mutu, kuwayankha mayankho abwino amene sanabwere pa nthawi yake. Ndimadana nalo khalidwe langa limeneli.

Agogo anatisiya ali ndi zaka 93. Salmo 90 limati zaka za munthu ndi 70, kapena 80 ngati ali wamphamvu, ndiye iwo atadutsa 80 ankati zotsalazo n'zangongole, ndipo wangongole sagona mpaka dzuwa kutuluka. Ankadzukadi m'bandakucha, ngakhale miyendo itayamba kukana. Ng'ala itawagwira m'maso sanaleke kutsegula Baibulo. Ankaliika pamiyendo, nthawi zina chozondoka, chala chikuyenda pamzere, mawu akuchokera m'mutu. Ukawauza kuti lazondoka ankati, "Ndiye likunena zina?"

Baibulo limenelo lili ndi ine. Chikuto chinathothoka kalekale, analimanga ndi kansalu. Patsamba lomaliza pali mayina a ana awo, adzukulu ndi adzukulutuvi, olembedwa ndi pensulo, ena ndi dzanja lawo, ena ndi manja a ana amene ankawatuma maso atafooka. Dzina la bambo aang'ono labwerezedwa pamwamba pomwepo kambirimbiri mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Amenewo ndi amene anachoka atayambana ndi abale awo, osabweranso, ngakhale pa maliro.

Chakumapeto agogo ankaiwala amene wabwera kudzawaona m'mawa womwewo. Matenda oiwalaiwala amatero, zatsopano ndi zimene zimayamba kufufutika, zakale ndi nyimbo n'kutsalira. Ine ankanditchula dzina la azakhali. Koma ikafika nthawi yopemphera, dzina la bambo aang'ono silinkasowa, ndipo ankalitchula mokalipa ndithu, ngati munthuyo ali kuseri kwa chitseko akumvetsera.

Izi ndi zimene ndikufuna kulemba. Ndawauza azakhali, ndipo mawu awo asintha nthawi yomweyo.

"Ameneyo usamutchule. Anawaliza amayi zaka zonsezi."

"Koma eni ake sanasiye kuwatchula."

"Iwe ndiwe mwana, sunaone zimene ife tinaona."

Pamenepo ndasowa chonena, chifukwa n'zoona, sindinaone. Ndiponso amene ankawasambitsa agogo, kuwatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda za pabedi, kuchapa zofunda, anali azakhali, osati ine amene ndinkabwera pa tchuthi n'kumaseka nthabwala zawo. Mwina munthu amene ananyamula zonsezo ali ndi ufulu wofuna mayi wofatsa papepala. Koma dzanja langa likukanabe kulemba mawu amenewo.

Msuweni uja wanditumizira uthenga pa WhatsApp pompano. Akuti nambala ya bambo aang'ono ali nayo, anaipeza chaka chatha koma sanauze aliyense, ndiye akufunsa ngati tiwadziwitse za mwezi wamawa. Ndawerenga, iye waona kuti ndawerenga, ndipo akulembanso.