Zimene ndaphunzira polumikiza ATA yakale ku Asterisk

M'maphunziro athu a netiweki kuno ku Lusaka tafika pa mutu wa mafoni a pa intaneti, ndipo ntchito imene ndinapatsidwa inali yolumikiza foni yakale ya pa tebulo ku Asterisk, pulogalamu yaulere yolumikiza mafoni imene Mark Spencer anayamba kulemba mu 1999. Pakati pa ziwirizi pamakhala kabokosi kotchedwa ATA, kamene kamatenga mawu a mu waya wa foni n'kuwaika pa netiweki. Kanga kanali Linksys SPA3102 yogwirapo kale ntchito, yomwe ili ndi mabowo awiri a foni: la FXS, limene limapatsa foni magetsi ndi kuiliza, ndi la FXO, lolowetsapo waya wa landline ngati wa Zamtel.

Kabokosi kotere kamabwera ndi zimene mwini wake woyamba anatcheramo, ngati jekete la salaula limene m'thumba mwake mudakali mapepala a eni ake. Choyamba n'kufafaniza zonsezo: umanyamula foni, n'kudina  **** kenako 73738#, ndipo ukadina 110# kamakuwerengera adiresi yake ya IP m'khutu. Ma PAP2 ena (mtundu wina wa ATA ya Linksys) anatsekedwa ndi kampani imene inkawagulitsa, ndipo ine ndikuona kuti amenewo n'kungotaya nawo nthawi.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi dial plan, mzere umene umauza kabokosi kuti nambala yathera pati. Wa ku fakitale analembera manambala a ku America, choncho ukaimba nambala ya foni yam'manja ya kuno, ya manambala 10 yoyamba ndi 09 kapena 07, kamangokhala chete kudikira ena, munthu n'kuganiza kuti kanafa. Nditawonjezera 0[79]xxxxxxxxS0, pamene x aliyense akuimira nambala iliyonse ndipo S0 ikutanthauza kuti katumize pomwepo, nambala inayamba kupita ndikangodina yomaliza. Codec, njira yosinthira mawu kuti adutse pa netiweki, ndinasankha G.711 A-law, popeza u-law ndi ya ku North America ndi Japan.

Timabokosi timeneti tinasiya kulandira firmware (pulogalamu ya mkati mwake) yatsopano yotseka mipata imene akuba angalowere, n'chifukwa chake kanga ndakasunga pa netiweki ya mkati yokha ndipo port 5060, khomo limene mafoni a pa intaneti amalowera, sindinaitsegulire kunja. Vuto lina ndi la magetsi: landline yakale inkalira ngakhale magetsi atazima chifukwa mphamvu inkachokera ku exchange ya kampani ya mafoni, pomwe ATA, rauta ndi kompyuta ya Asterisk zimazimira limodzi, ndiye zonse zitatu ndaziika pa UPS imodzi, batire imene imapereka mphamvu magetsi akazima.