Jekete ya alamu ndi cisplatin

Tsiku la intavyu ya uphunzitsi wa kemisitiri pa koleji ina, ndinabwereka jekete ya alamu anga. Alamuwo ndi oonda ngati bango, ine ndine wakamimba, koma ndinati bola ndizipuma pang'onopang'ono.

Anandipatsa mphindi 10 zoti ndiphunzitse mmene cisplatin, mankhwala a khansa, amagwirira DNA. Ndinayamba ndi Barnett Rosenberg wa ku Michigan State University, amene mu 1965 anafotokoza zodabwitsa: atadutsitsa magetsi m'madzi a mabakiteriya a E. coli pogwiritsa ntchito zitsulo za platinum, tizilomboto tinaleka kugawikana n'kumangotalika ngati ulusi. Chochititsa sichinali magetsi ayi, koma mankhwala opangika kuchokera ku platinum uja, ndipo mphamvu ya cisplatin inadziwika chomwecho. Akuluakulu atatu ondiyesa pa intavyupo anagwedeza mitu. Apa m'pamene ndinayamba kudzimva.

"Ine ndine platinum," ndinatero, ndikutulutsa malalanje awiri m'thumba. "Mu cisplatin ndimagwirana ndi chloride awiri ndi ammonia awiri. Awa ndi chloride. Ammonia awiri muwaganizire kumsana kwangaku." Ndinafotokoza kuti m'magazi chloride ngwambiri, ndiye platinum sataya ake, koma m'kati mwa selo ngwochepa, choncho amachoka, madzi n'kulowa m'malo mwake. Malalanje ndinawaponya pansi. Limodzi linagubuduzika mpaka kumapazi a apampando.

Kenako ndinagwira mapewa a ophunzira awiri okhala moyandikana. "Inu ndinu guanine awiri, tizigawo ta DNA, otsatizana pa chingwe chimodzi, ndipo ndakugwirani pa N7, malo a pa guanine amene platinum amagwirapo." Nditawakokera pamodzi, mzere wonse unapendekeka. Umo ndi mmene DNA imapindikira, selo n'kulephera kuikopera mpaka kufa. Zinali kuyenda, abale.

Mayi wina wa magalasi anakweza cholembera. "Nanga transplatin, poti zam'kati zonse n'zofanana ndi za cisplatin, bwanji sachiza?"

Yankho ndinkalidziwa: chloride ake amakhala mbali zotsutsana, ndiye sangafikire guanine awiri oyandikana. Pakamwa pokha pakanakwanira. Koma ine platinum ndinatambasula dzanja lina kum'mawa, lina kumadzulo, ndi mphamvu zonse.

Kwaaa! Kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Batani linauluka n'kukagunda pazenera. Ndinangoima chomwecho manja ali tambasu, mphepo ikulowa kumsana kumene kunayenera kukhala ammonia, maganizo onse ali kwa alamu amene anali ndi ukwati wokayimira Loweruka lomwelo.

M'chipindamo munali zii. Apampando anawerama pang'onopang'ono, natola lalanje lija, nalipukuta ndi mpango.

"Aphunzitsi," anatero, "chloride wanu uyu."