Botolo la pawindo ndi penti wosadikira munthu

Lero ndi tsiku la 19 chiyambireni kupenta chithunzi cha botolo lagalasi, ndipo botololo lidakali pawindo pomwepo, fumbi layamba kale kudikha pakhosi pake. Sindikulipukuta dala. Ndikangoligwira lisuntha pang'ono, ndiye kuwala konse komwe ndakhala ndikulondola kusokonekera. Kanivasi yake ndi ya masentimita 40 mulifupi ndi 50 mulitali. Pambali pa botolo pali kansalu kotuwa kopindapinda ndi kiyi wakale wochita dzimbiri. Zinthu zitatu basi, moti poyamba ndinkati masiku asanu akwana. Dzulo mwana wanga wamkulu anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi botolo lomwe lija? Kapena mwayamba lina?" Ndinangomuyang'ana, iye n'kubwerera chamseri uku akuseka.

Chimene chandidyera nthawi kwambiri ndi chithunzithunzi cha botolo pakhoma. Ndachipenta kanayi. Ulendo uliwonse ndimasakaniza mtundu wotuwa womwe pambale yosakanizirapo penti ukuoneka kuti ndi womwewo ndithu, ndipake, ndipite kukatsuka burashi, pobwera ndipeze wadera ngati wina anabwera kudzathirapo makala. Amene mumagwiritsa ntchito penti wa acrylic mukudziwa kale khalidwe lakeli. Pentiyu ndi ufa wa mtundu wosakanizidwa ndi tinthu tating'onoting'ono ta pulasitiki toyandama m'madzi. Akadali wonyowa, tinthuti timapangitsa kuti aoneke woyererako ngati pali kachifunga. Madzi akauma timagwirana n'kukhala toonekera mkati ngati galasi, kuyerera kuja kumachoka, mtundu n'kudera. Zimenezi ndinazidziwa kalekale, koma kudziwa ndi mutu n'kosiyana ndi kudziwa ndi dzanja. Dzanja langa limakhulupirirabe zimene diso laona pambale.

Ndiye sabata ino ndasiya makani. Ndadula tizidutswa ta katoni, ndatipaka gesso, penti woyera woyalira pansi, yemweyo amene ndinapaka pakanivasi, ndipo mtundu uliwonse wofunika ndimayamba ndauyesa pakatoni, kuumitsa ndi makina oumitsira tsitsi kwa kamphindi, kenako kuugunditsa pachithunzi kuti ndione. Ndi ntchito yotopetsa, yochedwetsa, ndipo imachotsa kakomedwe kena kongotunga penti n'kupaka. Koma chithunzithunzi chachisanu chakhala bwino. Ndapezanso kuti mitundu yakuda ndi imene imasintha kwambiri ikauma; yomwe muli titanium white wambiri sisuntha kwenikweni.

Mtundu wotuwawo sindinagule. Ndimasakaniza ultramarine (buluu) ndi burnt umber (bulauni), kenako kuthirako woyera. Buluu akachuluka mtunduwo umazizira, bulauni akachuluka umafunda, ndipo ndi zimenezo ndimatha kusiyanitsa mbali ya khoma yomwe ikulandira kuwala kwa panja ndi mbali yomwe ikulandira kuwala kobwerera kuchokera patebulo. Penti wakuda wa m'chubu ndinamuika kutali. Ndikamugwiritsa ntchito pa zithunzithunzi, chithunzi chonse chimaoneka chakufa.

Pa tsiku la 8 ndinatsala pang'ono kuwononga zonse ndi phthalo blue. Ndinkafuna kubiriwira kwa galasi, ndiye ndinatapa pang'ono ndi nsonga ya mpeni wosakanizira, pang'ono penipeni, ngati mutu wa machesi. Mulu wonse wa penti womwe ndinasakaniza unasanduka buluu wolusa, ndipo pofuna kumufewetsa ndinathira woyera, kuthiranso, mpaka ndinali ndi penti wokwana kupaka chitseko. Pentiyu ndi wamphamvu modabwitsa. Kuyambira tsiku limenelo ndimamuika pakona yakeyake ndipo ndimamutengera ku mulu wina pang'onopang'ono, osati kutengera mitundu ina kwa iye. Ndaphunziranso kuwerenga timanambala tolembedwa kuseri kwa chubu m'malo mwa dzina lokongola la kutsogolo. PB15 ndi phthalo, PB29 ndi ultramarine, PW6 ndi titanium white. Chubu chokhala ndi nambala imodzi ndiye kuti muli ufa wa mtundu umodzi, ndipo chimasakanizika mwaukhondo. Chokhala ndi manambala atatu kapena anayi, ukachiphatikiza ndi china chotero, umangopeza matope.

Tsopano za galasi lenilenilo, pomwe pali nkhani yanga yonse ya mwezi uno.

Masabata awiri oyamba ndinkalimbana kuti ndisalaze mitundu iwiri ikadali yonyowa, kuti kuchoka pa kubiriwira kwakuda kufika pa kowala pasaoneke malire. Ndi mmene amachitira a penti wa mafuta, omwe penti wawo amakhala wofewa tsiku lonse ngakhale masiku angapo. Wanga, ndikapaka mopyapyala, pakatha mphindi 10 kapena 15 wagwira kale. Choipa kwambiri ndi nthawi yapakati ija, pamene pamwamba pauma koma pansi padakali pofewa. Ukabwererapo ndi burashi umakanganula khungu lake, pamatsala dzenje loonekera mpaka pa gesso, ndipo ukati ulikwirire m'mbali mwake mumatukuka. Ndinachita zimenezi pamimba pa botolo katatu konse mpaka ndinachita kudikira kuti paume kwathunthu, kupalapo ndi sandipepa yosalala, n'kuyambiranso.

Ndinayesa mankhwala ochedwetsa kuuma. Amathandiza ndithu, koma ndinawachulutsa, pentiyo n'kukhala wonanda mpaka tsiku lotsatira. Ndinayesanso kumangothira madzi ambiri. Apo penti amasanduka timadontho pamwamba pa penti wakale, ndipo akauma sagwira bwino chifukwa pulasitiki yomwe imamanga ufa uja yachepa. Ukadutsapo ndi burashi yonyowa amachoka.

Kenako usiku wina ndikutsuka maburashi ndinadzifunsa kuti kodi ndikuvutikiranji kukakamiza pentiyu kukhala chimene sali. Penti wa mafuta anthu akhala naye zaka mazana ambiri, ndipo malangizo ochuluka omwe timapatsana ojambulafe anabadwira kumeneko. Acrylic wosungunula ndi madzi anafika m'manja mwa ojambula cha m'ma 1950 momwemu, nthawi imene Henry Levison anayamba kupanga penti wa Liquitex ku America. Ndi mwana wa dzulodzulo, ndipo ali ndi nzeru zakezake. Kuuma msanga komwe ndimadandaula nako ndi komwenso kumalola kuti munthu asanjike miyalo isanu kapena isanu ndi umodzi m'mawa umodzi, pamene wa mafuta akanadikira masiku pakati pa muyalo ndi unzake.

Ndiye ndinasintha njira. Ndimatenga glazing medium, madzi oyerera aja omwe ali ngati penti wopanda mtundu, kuthiramo kadontho ka kubiriwira, n'kupaka muyalo wopyapyala kwambiri moti zapansi zimaonekabe. Ndidikire uume, ndipakenso wina, koma ulendo uno kuyambira chapakati kupita kumbali yakuda. Wachitatu kuyambira chauko. Mapeto ake mbali yakuda ili ndi miyalo isanu ndi iwiri, mbali yowala uli umodzi, ndipo diso silipeza pomwe wina wathera. Chinanso chimene sindinkayembekezera n'chakuti kuwala kumalowa m'miyalomo n'kubwerera kuchokera pa gesso woyera, ndiye galasilo likuoneka kuti lili ndi mkati. Njira yakale ija linkaoneka ngati botolo lopakidwa penti wa girini kunja.

Pa kunyezimira kwa windo pagalasi ndagwiritsa ntchito zinc white m'malo mwa titanium. Titanium amaphimba chilichonse, ndipo kunyezimira kumaoneka ngati kapepala komatidwa. Zinc ndi woonekera mkati, amakhala ngati mpweya wa m'kamwa pagalasi. Kadontho kamodzi kowala kwambiri, ka titanium weniweni, ndikusungira tsiku lomaliza.

Ndikayamba kudzimvera chisoni ndimakumbukira David Hockney, wojambula wa ku England. Chithunzi chake chotchuka cha dziwe losambiramo, A Bigger Splash, anachijambula ndi acrylic mu 1967 ali ku California. Thambo, nyumba ndi madzi ndi mitundu yosalala yongoyala, koma kuthovoka kwa madzi pomwe munthu wangodumphira kumene, chinthu chomwe pamaso chimatha m'masekondi awiri, kunamutengera pafupifupi masabata awiri ndi timaburashi tating'ono. Botolo langa silithawa n'komwe, ndiye ndilibe chodandaulira.

Mbale yosakanizirapo penti nayo yandiphunzitsa. Ndinadzipangira ndekha yosunga chinyezi: kabokosi kapulasitiki kosaya kokhala ndi chivundikiro, pansi siponji yopyapyala yonyowa, pamwamba pake pepala lija amayala m'thireyi ya mu uvuni. Chinyezi chimadutsa papepalapo pang'onopang'ono, penti amakhala wofewa masiku angapo. Kwa munthu amene amajambula maola awiri okha patsiku ngati ine, izi ndi chipulumutso, chifukwa mtundu womwe ndavutika kuupeza Lolemba ndimaupeza Lachitatu uli momwemo. Koma posachedwapa ndinaiiwala yotseka masiku asanu ndi anayi. Potsegula, fungo lake losakamba, nkhungu yamera pasiponji, penti yense wasungunuka n'kulowererana. Ndinataya zonse, kuphatikizapo mtundu wa kansalu kotuwa kaja womwe sindinalembe kasakanizidwe kake. Pano ndili ndi kabuku: mtundu uliwonse ndimapaka kadontho ndi kulemba pambali zomwe ndaphatikiza.

Chithunzi chachiwiri, cha manja a agogo anga atapinda pamiyendo, ndachitembenuzira kukhoma kaye. Ndikuchijambula kuchokera pa chithunzi chakale cha kamera, ndipo vuto ndi khungu. Burnt sienna, ultramarine pang'ono ndi yellow ochre zimandipatsa khungu labwino pamalo amthunzi. Pofika pomwe kuwala kwagunda mfundo za zala, ndinathamangira woyera, manja n'kutuwa ngati agwira phulusa. Ndikayang'anitsitsa manja anga pawindo ndimaona kuti pakhungu lakuda kuwala sikuyera, kumatenga mtundu wa chomwe chikuwalitsa, m'mawa kumakhala kobiriwirako ngati thambo, mwina kofiirira. Ndikudziwa chochita, koma sindinalimbe mtima. Manja amenewa ndikuwadziwa kwambiri, ndipo chala chimodzi chikapotoka molakwika ndimaona kuti si awo. Adikire botolo lithe.

Chomwe chikuyenda bwino popanda phokoso ndi timatabwa ta mitambo. Madzulo aliwonse omwe ndapeza mpata ndimatenga kathabwa ka masentimita 15, burashi imodzi yaikulu yafulati, mitundu inayi, n'kudzipatsa mphindi 20. Nthawi ikatha ndimasiya, kaya zatha kaya ayi. Pano ndili nato 11, ndipo tinayi mwa ito ndi tabwino kuposa chilichonse chomwe ndachita pabotolo, zomwe zimandipweteka pang'ono ndikaganiza. Apa kuuma msanga ndi bwenzi lenileni: ndipake thambo, ndisakanize mtundu wa mtambo, pobwerera thambo lauma, mtambo umakhala pamwamba woyera bwino osadetsedwa ndi buluu.

Timatabwa tiwiri ndinatiwononga ndekha. Ndinatisanjika choyang'anizana nkhope pashelefu nditaona kuti tauma, kunja kukutentha. Patatha masiku atatu tinali titamatana, ndipo polekanitsa mtambo wa kamodzi unasamukira pa kanzake. Acrylic ngakhale atauma amakhalabe pulasitiki, kukatentha amafewa n'kunanda. Tsopano ndimatiimika chilili, kalikonse payekha.

Maliro a sabata ino ndi burashi yanga yozungulira ya nambala 6, yomwe ndakhala nayo zaka zitatu. Foni inalira, ndinaiika patebulo osaiviika m'madzi, ndipo kucheza kunatalika. Pobwera penti anali ataumira m'tsinde mwa ubweya, pomwe umalowa m'chitsulo. Ndinainyika mu spiriti wa isopropyl, penti wambiri anafewa n'kuchoka, koma nsonga yake sinabwererenso, yangoti nyankhalala ngati tsache lakutha. Sinditaya, burashi zoterezi n'zabwino popanga dzimbiri ndi udzu. Madzi otsukira ndili ndi zitini ziwiri, china chochotsera penti wambiri, china chotsukuluzira, ndipo madzulo sindiwakhuthulira m'sinki. Ndimawasiya adikhe usiku wonse, ndikhetse a pamwamba, matope a pansiwo ndiwapukute ndi nsanza n'kutaya ku zinyalala.

Zatsala pabotolo ndi izi: kiyi, mphonje za kansalu, ndi kadontho kowala kaja. Vanishi ayembekeze. Ndikufuna chithunzi chikhale kaye sabata imodzi kapena iwiri kuti miyalo yonse iume mpaka pansi, kenako ndipake muyalo umodzi wa medium woonekera wotchinjiriza, kuti tsiku lina wina akadzafuna kuchotsa vanishi wakuda asadzakhudze penti. Vanishi adzafananitsanso malo onyezimira ndi osanyezimira, chifukwa pakadali pano galasi likung'anima pamene khoma lili mbuu, ndipo pojambula ndi foni zimaoneka ngati zithunzi ziwiri zolumikiza.

Kiyi ndiyamba mawa. Kuwala komwe ndikufuna kumafika pawindopo cha m'ma 8 koloko n'kuchoka isanakwane 10, ndiye burnt sienna ndi kadontho ka ultramarine ndasakaniziratu usiku uno, ndayesa pakatoni, ndalemba m'kabuku. Burashi yonyankhalala ija ndaiika pambali pa mbale, ndi imene ikapange dzimbiri.